Tsiku Limene a Orval Anapatutsa Mphepo

A Orval Stucky anamerera imvi m'munda wa chimanga kumadzulo kwa Kansas, kumene mvula imabwera ngati mlendo wamanyazi, kungosuzumira pakhomo n'kubwerera. Moyo wawo wonse unali wothirira. Madzi ankawadziwa monga munthu adziwira mwana wobala yekha: ukatseka apa amathamangira apo, ukatseka mizere yambiri wotsalawo umasefukira. Atatopa mawondo anasiyira mwana wawo wamwamuna mundawo, ndipo iwo ndi akazi awo, a Verna, anagula galimoto yanyumba, yaitali ngati basi, yokhala ndi pabalaza kutsogolo, khitchini ndi bafa pakati, ndi chipinda chogona kumbuyo.

Padenga pa galimotoyo panali makina awiri oziziritsa mpweya, aja timati eyakoni, ina kutsogolo, ina pamwamba pa bedi kumbuyo. Ziwirizi zinkapumira m'ngalande imodzi yobisika m'denga, ndipo mphepo yozizira inkatulukira pa timazenera tozungulira ngati timbale, tondandana kuyambira pabalaza mpaka kuchipinda. Kazenera kalikonse munthu ankatha kukatsegula kapena kukatseka ndi chala chimodzi.

Chaka chimenecho mu Ogasiti, mdzukulu wawo Marlee ankakwatiwa ku Louisiana. A Orval ndi a Verna anaimika galimoto yawo m'mbali mwa dambo, pamalo pamene apaulendo a nyumba zoyenda amagona. Kutentha kwa kumeneko sikunali ngati kwa kwawo. Kwawo dzuwa limawotcha koma thukuta limauma. Kuno mpweya umakukumbatira ngati bulangeti lonyowa, ndipo ungasambe bwanji, ukangotuluka panja uli ngati sunapukute.

A Verna ndiwo ankaphika keke ya ukwati uliwonse pabanjapo, ndipo Marlee anali atanena kalekale kuti yogula sakuifuna, akufuna ya manja a agogo ake. Choncho a Verna anaiphikira kwawo ku Kansas, n'kuinyamula m'bokosi la ayezi ulendo wonse. Dzulo lake la ukwati anaimanga nsanjika zitatu, anaimata ndi batala wopondedwa ndi shuga mpaka inayera mbee, n'kuizunguliza ndi timaluwa ta batala yemweyo, timene anatiumba kamodzikamodzi msana ukuwawa. Mufiriji sikanakwana. Kunyumba kwa makolo a mkwatibwi kunadzaza alendo ndi ana a zala zosakhazikika, ndipo nyumba ya phwando inali yoti itsegulidwa madzulo. Motero kekeyo inakhala pa thabwa, pakatikati pa bedi, chitseko chotseka, eyakoni yakumbuyo ikuipepesera.

M'mawa wa tsiku laukwati a Verna ankapita kusaluni pamodzi ndi amayi anzawo. Asanachoke anaveka amuna awo malaya oyera n'kuwamanga tayi, chifukwa a Orval, amene ankatha kumasula injini ya thirakitala n'kuibwezera, tayi inkawakanika.

"Bambo, ikani nyuzipepalayo pansi, mundimvere."

"Ndimamva ndi makutu, mayi, osati ndi manja."

"Timazenera tonse tikhale totsegula, mphepo iziyenda. Chitseko chakuchipinda musachikhudze. Katani yapagalasi lakutsogolo ikhale yotseka. Ndipo malayawo ndawasita kamodzi, musawanyowetse ndi thukuta."

"Zaka zonsezi ndikuweta madzi m'munda, lero indikanike keke yongokhala phee, yopanda miyendo?"

"Madzi ankakumverani chifukwa analibe kothawira," anatero a Verna akutenga chikwama. "Ingokhalani pansi, musakonze chilichonse. Palibe chawonongeka."

Munthu wozolowera ntchito ukamuuza kuti angokhala, wamupatsa ntchito yolemetsa kuposa zonse. A Orval anawerenga nyuzipepala mpaka malonda a magalimoto akale. Kenako anamva mawu a anthu kudambo, n'kukoka katani ija pang'ono kuti aone ngati asodziwo akugwira kanthu. Pang'ono ija inakhala theka, theka linakhala yonse. Dzuwa linalowa pagalasi lalikululo ngati lachita kuitanidwa, ndipo posachedwa anamva kadontho ka thukuta kakutsetsereka kumsana. Anakumbukira za malaya. Anayang'ana katani, anayang'ana asodzi amene panthawiyo ankalimbana ndi nsomba yaikulu, kenako anayang'ana kudenga.

Apa m'pamene mlimi wothirira anadzuka mumtima mwawo. Ngalande imodzi, zipata zambirimbiri, zonse zotsegula! Kumunda munthu wochita zotere ankamuseka. Kubafa kuli ndani woti azipepeseredwa? Anatseka kakubafa. Mkanjira mukudutsa ndani? Anatseka kamenekonso. Anatseka takukhitchini, anatseka tapabalaza, n'kusiya kamodzi kokha kamene kanali pamwamba pa mpando wawo. Atakhala pansi anamva mphepo yawonjezera mphamvu, ikuwasisita padazi. Anamwetulira ngati munthu amene wapeza nkhuku yotayika.

Akanalekera pomwepo mwina tsikulo likanatha bwino. Koma mtima ukalawa sukhuta msanga. Anayamba kuganiza za eyakoni yakumbuyo ija, makina athunthu kugwirira ntchito keke, chinthu chosatuluka thukuta, chosavala tayi. Anatsegula chitseko chakuchipinda mwakachetechete ngati muli mwana wogona. M'menemo munali zii, kuzizira ngati m'mawa wa chisanu, keke ili chiimire ngati mkwatibwi.

"Iwe wazizira kale," anainong'oneza. "Tigawane."

Kugawana kwake kunali kwakuti anatseka timazenera tonse tam'chipindamo, n'kusiya kamodzi kotsegula mpata wongokwana chikhadabo. Tsopano mphepo ya makina onse awiri inalibe kwina kotulukira koma pamutu pa a Orval. Inkatsika ngati mathithi, tayi ikuuluka paphewa. Koma phokoso la mafani linkawasokoneza kumva mpira pawailesi, choncho anapita pa timabokosi tapakhoma tolamulira makinawo, anachepetsa liwiro la mafani, ndipo pofuna kubwezera anatsitsa kuzizira mpaka pamapeto penipeni.

Pakhomo panamveka kugogoda. Anali a Alcide Guidry, agogo ake a mkwati, amene anabwera kuchokera kugombe la nyanja n'kuimika kangolo kawo kogonamo pafupi pomwepo. Kangoloko kanali kakale, kokokedwa ndi galimoto, ndipo padenga pake panali eyakoni imodzi yokha yolira ngati chigayo. Akuluakulu awiriwa anali atadziwana masiku ochepa chabe, koma ankanyogodolana ngati anakulira limodzi.

"Asewere, ndakubweretserani khofi weniweni, osati madzi otsukira makapu aja mumamwa kwanu."

"Lowani, asewere, lowani mudzaone mmene anthu amakhalira. Imani apa. Ayi, apa penipeni. Mwaimva?"

A Alcide anaima pansi pa kazenera kaja, chipewa chawo n'kutsala pang'ono kuuluka. Anayang'ana kudenga, anayenda mpaka kukhitchini akukweza dzanja pa kazenera kalikonse, n'kubwerera akupukusa mutu.

"Mwatseka tonse?"

"Ndapatutsa. Mphepo ndi madzi n'chimodzimodzi, ukazisiya zimangomwazika. Makina awiri, munthu mmodzi. Inu ndi chigayo chanu chija simungazidziwe zimenezi."

"Chigayo changa chimapuma, n'chifukwa chake chakalamba. Asewere, kuno si kwanu kouma kuja. Mpweya wakuno umayenda ndi madzi kumsana. Makinawa mukawatsamwitsa chonchi amaundana."

"Kuundana? Dzuwa limeneli?" A Orval anaseka mpaka kutsokomola. "Mwathiramo chiyani m'khofiyu?"

"Nanga keke ya mwana ili bwanji?"

"Ili bwino kuposa ine ndi inu. Ndaisiyira gawo lake."

A Alcide anamaliza khofi wawo osatsutsanso, pakuti nyumba ya eni sulamula. Potuluka anangoti, "Ndili pafupi pompa. Mukafuna munthu wolira naye, mungofuula."

A Orval anakhala pampando wawo, mphepo ikuwathira, wailesi ikung'ung'udza, ndipo tulo tamasana tinawaba.

Chimene sankadziwa n'chakuti eyakoni ili ngati chifuwa: imakoka mpweya wofanana ndi umene yatulutsa. M'kati mwake muli nthiti zachitsulo zozizira kwambiri, ndipo chimene chimaziletsa kuundana ndi mpweya wofunda wam'nyumba wodutsa pamenepo mosalekeza. Ukaitseka potulutsira, n'kuchepetsanso fani, mpweya wodutsa umachepa, ndipo chinyezi chimene chafika panthitizo sichitsika ngati madzi koma chimauma gwa. Ku Kansas chinyezicho chinali chochepa, ndiye masewera otere munthu ankatha kupulumuka nawo. M'dambo la ku Louisiana ayezi anayamba kukula mwakachetechete, wina pamwamba pa mnzake, mpaka njira yonse inatsekeka, kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Chinawadzutsa ndi thukuta lolowa m'maso. Makina onse awiri ankalira ndithu padenga, koma atakweza dzanja pa kazenera kawo sanamve kanthu, ngakhale kampweya kozimitsa machesi. Anadzuka, anatsegula timazenera tonse mofulumira, koma panalibe chotuluka. Anachotsa chivundikiro cha eyakoni yapabalaza, ndipo anaona ayezi woyera mbuu atamatirira ngati m'firiji yosasamalidwa. Anazimitsa makina onse awiri. Kenako anakumbukira keke, n'kuthamangira kumbuyo.

Dzuwa linali litapendeka, ndipo tsopano linkamenya khoma la chipinda chogona. Atatsegula chitseko anakumana ndi mpweya ngati wa mu uvuni, wonunkhira shuga. Timaluwa tija tinali titagwetsa mitu, tikulira misozi ya batala. Keke yonse inapendekera kumodzi ngati munthu wochokera kumowa, ndipo nsanjika yapamwamba inkatsetsereka pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati ikutsanzika. A Orval anadumpha kuti aiwakhe. Anaiwakhadi, koma ndi chifuwa. Inaphwanyikira pamalaya oyera aja, patayi, mpaka m'khosi.

Anaima chilili, manja ali tambalala. Nsanjika yapamwamba ndiyo ya akwati eni ake, ija saidula paphwando koma amaisunga mufiriji mpaka chaka chitatha, n'kudzaidya awiriwiri pa tsiku lokumbukira ukwati wawo. Alendo onse akanadya zawo, koma gawo la Marlee ndi limene linali pamimba pa agogo ake.

Ali chiimire choncho, anamva kuti tho! pathabwa. Ayezi wa eyakoni yakumbuyo anali atayamba kusungunuka, ndipo madontho ankagwa kuchokera kudenga pafupi ndi keke yotsalayo.

"Asewere! Asewere, thamangani!"

A Alcide anabwera akukoka mwendo wawo wa nyamakazi. Ataona mnzawo ali mbuu ndi batala anapita molunjika pathabwa la keke.

"Gwirani uko. Tipite nayo kwanga."

Akuluakulu awiri ananyamula thabwa lija ngati machira a wodwala, kudutsa mkanjira kopapatiza, kutsika masitepe chammbali.

"Kwezani kwanuko!" anatero a Alcide.

"Ndakweza! Tsitsani inuyo, mwatalika ngati mlongoti."

"Musaponde chingwecho. Pang'onopang'ono, asewere, si thumba la chimanga ili."

Anafika nayo m'kangolo kaja nsanjika ziwiri zili zopendekera koma zamoyo. M'menemo munali mozizira bwino, chigayo chija chikulira mokhulupirika, timazenera take tonse tili totsegula. Anaika keke patebulo, n'kukhala pansi onse awiri akupuma wefuwefu.

A Verna anafika tsitsi lili lopotedwa bwino, akununkhira mafuta akusaluni. Analowa m'galimoto yawo, anapeza bedi lonyowa, keke palibe. Atatuluka anaona amuna awo ataima pakhomo pa kangolo ka a Alcide, akuyesa kubisa chifuwa ndi chipewa.

"Mayi, makina a masiku ano, mukudziwa, sakhala ngati akale..."

A Alcide anayamba kuyang'ana mitambo akuimba likhweru.

"Munatseka tingati?" anafunsa a Verna.

"Tochepa."

"Bambo."

"Tonse, kupatula kanga."

A Verna analowa m'kangolomo n'kuyang'ana kekeyo nthawi yaitali. Maso awo anadzaza madzi, ndipo a Orval akanakonda kukalipiridwa kusiyana ndi kuona zimenezo. Kenako mayiwo anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, kuti asawononge zodzola zakusaluni, n'kupinda manja a diresi.

"Kulira sikuumitsa batala. Asewere, ndibwerekeni mpeni wopanda mano ndi mbale ya ayezi. Inu bambo, kavuleni malayawo, mukatenge maluwa aja atsala pokongoletsa tchalitchi ali m'ndowa m'galimoto. Ndipo muyende, musathamange, mwathamanga zokwanira lero."

Anadikira kuti batala agwirenso, anawongola nsanjika ziwirizo, anapala timaluwa tofa tija, anasalaza ndi mpeni woviika m'madzi, ndipo paliponse pamene panali chipsera anaikapo duwa lenileni. Pamwamba, pamene panayenera kukhala nsanjika yachitatu, anaunjikapo maluwa ofiirira. A Orval anaima pambali atagwira mbale, atavala malaya obwereka kwa a Alcide, a manja aafupi, ojambulidwa nsomba zobiriwira, mabatani akukana kukumana pamimba.

"Yakongola kuposa poyamba," anayesa kutero.

"Musayerekeze," anatero a Verna. "Alendo sadziwa kanthu, koma mwana adziwa, chifukwa anaiona dzulo ndi maso ake. Ndipo sindikamuuza ine. Mukamuuza nokha, asanalowe m'tchalitchi, kuti asakadzidzimuke pamaso pa anthu."

A Orval anamupeza Marlee m'kachipinda kakumbali kwa tchalitchi atavala kale zoyera. Ataona agogo ake ndi malaya a nsomba anayamba kuseka, koma anasiya ataona kuti chipewa chawo akuchipotokola m'manja. A Orval anafotokoza zonse, osasiya kanthu, kuyambira pa katani mpaka pa chifuwa.

Mtsikanayo anali ataiyembekezera kekeyo kuyambira ali wamng'ono, pamene ankanyambita supuni m'khitchini mwa agogo ake aakazi.

"Ndiye kuti yapamwamba ija palibiretu?"

"Palibe, mwana wanga. Yotsala ili m'malaya anga."

"Mphepo ya makina awiri, agogo? Mutu umodzi womwewu?"

"Unali wotentha kwambiri."

Marlee analuma mlomo, mapewa anayamba kugwedezeka, ndipo kuseka kunamuphulika mpaka anzake anathamangira kudzamugwira nkhope kuti misozi isafufute zodzola. Atapuma anagwira dzanja la agogo akewo.

"Chabwino. Koma mlandu sunathe. Chaka chamawa, tsiku ngati lalero, ndikufuna nsanjika yanga pakhomo panga. Agogo aakazi aziyang'ana chabe, asakhudze. Muphike ndinu, mumate ndinu, timaluwa tomwe muumbe ndinu."

"Ine? Sindinaswepo dzira chibadwire!"

"Muli ndi chaka chathunthu."

Ukwati unayenda bwino. Anthu anadya mpunga ndi nkhanu za tsabola, anavina mpaka nsapato kuvula, ndipo keke ya nsanjika ziwiri anaiyamikira kuti maluwa enieni ndiye nzeru yatsopano. A Alcide ankayenda tebulo ndi tebulo akuloza malaya awo pathupi pa mnzawo, n'kumauza aliyense kuti nsomba zimenezo sizinasambirepo m'nyanja yaikulu chotere.

Nyengo yozizira ya chaka chimenecho, anansi a ku Kansas ankadabwa kuona a Orval Stucky atamanga epuloni m'chiuno, akusefa ufa, a Verna atakhala pampando manja ali m'khwapa ngati kapitawo. Keke yoyamba inatuluka yolimba moti galu anainunkhiza n'kuchoka. Yachiwiri inagwa pakati ngati chitsime. Akafuna kuwonjezera moto kuti ipse msanga, kapena kuthira shuga yense nthawi imodzi, mayiwo ankangokhosomola, ndipo bambowo ankabweza dzanja. Pofika Ogasiti anali ndi kakeke kamodzi kozungulira, kopendekera pang'ono, ka timaluwa tooneka ngati mbatata, ndipo anakanyamula ulendo wonse wa ku Louisiana. Marlee ndi mwamuna wake anakadya konse, osasiya nyenyeswa.

Munthu anali ndi mphepo yake yomukwanira, ndipo keke inali ndi yake. Anasirira zonse ziwiri, n'kutsala wopanda ngakhale imodzi, malaya ali batala okhaokha. Akuluakulu anaziona kale zoterezi pamene anati: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.